Ukasintha khomo, uwauze onse amene ankagogoda lakale

Mu code ya Linux muli function ina yotchedwa memblock_free. Dzinali mulipeza mu Linux 5.15, imene inatuluka pa 31 Okutobala 2021, ndipo mulipezanso mu Linux 5.16 ya pa 9 Januwale 2022. Kalembedwe kake n'kamodzimodzi, ntchito yakenso ndi yomweyo: kubweza memory imene kernel inabwereka pamene kompyuta inkadzuka. Chimene chinasintha ndi chinthu chimene umaipatsa poiitana. Ya mu 5.15 inkafuna adilesi ya mtundu wina, ya mu 5.16 imafuna ya mtundu winanso. Choncho mzere umene unali wolondola mu Novembala unasanduka wolakwika mu Januwale, mwini wake asanaukhudze n'komwe.

Ndikudziwa kuti anzanga ambiri a m'kalasi angaiponye kumbali nkhaniyi n'kunena kuti ndi zosesasesa za anthu a kernel. Ine ndikuiona mwina. Maganizo anga ndi akuti kusintha mmene function imaitanidwira si ntchito yothera pa function yomweyo. Imatha pamene malo onse oiitana ayenderedwa, amodziamodzi, n'kuonedwa ngati akunenabe zoona. Ntchito yoyenderayi si yokongola, sionekera pa sikirini, ndipo palibe amene amakuombera m'manja ukaimaliza. Koma m'chigawo cha code chimene chimadzutsa makina, ndi imene imasiyanitsa kompyuta yodalirika ndi kompyuta yongoyendera mwayi.

Kwa inu amene simuphunzira za makompyuta, ndifotokoze kaye pamene nkhaniyi ikuchitikira. Mukadina batani loyatsira laputopu, mapulogalamu angapo amapatsirana ntchito motsatizana. Yoyamba ndi firmware, kaya BIOS kaya UEFI, imene imakhala m'kachipangizo ka pa bolodi. Iyo imaitana bootloader, monga GRUB pa makompyuta ambiri a Linux kapena U-Boot pa timabolodi ting'onoting'ono. Bootloader imanyamula kernel kuiika mu memory, n'kuisiyira mzere umodzi wa malangizo: disiki yoyambira ndi iti, mauthenga azituluka pati, ndi zina zotero. Kenako kernel imayamba kuyenda yokha, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yodzukayo imatsogoleredwa ndi function yotchedwa start_kernel, imene ili mu fayilo ya init/main.c.

Pa nthawi imeneyo kernel imakhala ngati munthu amene wafika usiku m'nyumba ya lendi yopanda kanthu, mulibe nyale, mulibe ngakhale mpando. Disiki sinayambe kuwerengedwa, sikirini mwina sinakonzeke, ndipo dongosolo lalikulu logawa memory silinadzuke. Komabe kernel imafuna poika zinthu zake kuyambira pachiyambi penipeni. N'chifukwa chake pali kadongosolo kakang'ono kotchedwa memblock, kamene kamasunga mindandanda iwiri: memory yonse imene makina ali nayo, ndi zigawo zimene zatengedwa kale. Kali ngati kope la ngongole la pa golosale. Ukabwereka ndi memblock_alloc umalembedwa, ukabweza ndi memblock_free umafufutidwa. Dongosolo lalikulu lija likadzuka, limalandira zonse zimene sizinalembedwe m'kopemo n'kuyamba kugawira aliyense wopempha. Kale kunalinso kadongosolo kena kotchedwa bootmem, koma kanachotsedwa mu Linux 4.20 kumapeto kwa 2018, memblock n'kutsala yokha pa ntchitoyi.

Mzere wa malangizo umene bootloader imasiya uli ndi malire ake. Pa makompyuta a x86 supitirira mabayiti 2048. Kwa munthu wofuna kuuza kernel zinthu zambiri isanadzuke, monga kuti iyambe kulemba zochitika zake zonse kuchokera pachiyambi, malowa ndi ochepa. Masami Hiramatsu analemba njira ina yotchedwa bootconfig, imene inalowa mu Linux 5.6 mu Malichi 2020. Ndi fayilo ya mawu wamba, dzina uku mtengo wake uku, yosapitirira 32 KB. Imamatidwa kumapeto kwa initrd, kaphukusi ka mafayilo oyambira kamene bootloader imaika mu memory limodzi ndi kernel. Kumchira kwake kumakhala kukula kwa fayiloyo, nambala yotsimikizira kuti sinawonongeke, ndi chizindikiro cha #BOOTCONFIG. Makina akadzuka mutha kuiwerenga pa /proc/bootconfig. Musaganize kuti izi ndi za anthu akutali okha. Kuyambira pa Android 12, mafoni otuluka ndi kernel 5.10 kapena yatsopano kuposa pamenepo amalandirira malangizo awo a androidboot kudzera mu bootconfig. Mwina foni imene mukuwerengera izi inadutsa m'code imeneyi pamene munaiyatsa.

Tsopano za maadilesi awiri aja. Malo alionse mu memory ali ndi adilesi ya pa chipangizo chenicheni, imene amaitcha physical address, komanso adilesi imene code imagwiritsa ntchito powerenga ndi polemba, imene amaitcha virtual address. Taganizirani za nambala ya foni ya kuno kwathu. Mutha kuilemba yoyamba ndi 0, kapena yoyamba ndi +265. Foni yake ndi imodzi, ndipo kuchoka pa kalembedwe kena kupita pa kanzake n'kosavuta: chotsani ichi, ikani icho. Koma mukatenga nambala imene yasinthidwa kale n'kuisinthanso, mumaimbira munthu wosamudziwa, kapena simuimbira aliyense. Mu kernel, kachida kosinthira virtual address kuti ikhale physical address kamatchedwa __pa. Kamangochita masamu. Sikafunsa ngati nambala imene kapatsidwa ndi yanzeru kapena ayi.

Vuto la memblock yakale linali apa. Ukabwereka ndi memblock_alloc, unkalandira virtual address. Koma pobweza, memblock_free inkafuna physical address. Aliyense ankayenera kukumbukira kulemba memblock_free(__pa(ptr), size). Mu Seputembala 2021, pamene Linux 5.15 inkakonzedwa, code ya bootconfig inali itangophunzitsidwa kubweza memory yake kudzuka kukatha. Pa makina opanda fayilo ya bootconfig panalibe chimene chinabwerekedwa, ndiye pointer yake inali NULL, kutanthauza yopanda kanthu. Kachida ka __pa kanachita masamu ake pa NULL n'kutulutsa adilesi yopanda tanthauzo. Amene anayatsa zida zofufuzira zolakwika anaona makina awo akudandaula. Linus Torvalds sanakhutire ndi kutseka dzenje limodzilo. Iye anaona kuti gwero lake ndi mgwirizano wokhotakhota wa ma function awiriwo, ndipo analemba function yatsopano, memblock_free_ptr, yolandira pointer yomweyo imene unapatsidwa pobwereka, n'kumangodutsa ikaona NULL. Anasintha malo angapo kuti aziitana yatsopanoyo, kuphatikizapo init/main.c ndi lib/bootconfig.c.

Chimene chinatsatira ndicho chimandiphunzitsa kwambiri. Fayilo ya lib/bootconfig.c sinkagwiritsidwa ntchito ndi kernel yokha. Kapulogalamu ka mu tools/bootconfig, kamene anthu amamatira nako fayilo yawo ku initrd, kankamangidwanso kuchokera pa fayilo yomweyo, ndipo kanali ndi ma function akeake ongoyerekezera a memblock. Dzina latsopanolo kunalibe kumeneko. Kernel inkamangika bwinobwino, koma kapulogalamuko kanaleka kumangika, mpaka Hiramatsu anatumiza chigamba cha mizere yowerengeka chowonjezera dzinalo. Apa tikunena za munthu amene anayambitsa Linux mu 1991, ndipo ngakhale iye panali khomo limodzi limene silinaoneke pamene ankasintha. Sindikunena izi pofuna kumuchepetsa. Ndikunena kuti ntchito yofufuza onse oitana function ndi yovuta zenizeni, ndipo amene amaiyesa ya ana sanaigwirepo.

Mu Linux 5.16, Mike Rapoport, amene amasamalira memblock, anamaliza kuwongolaku. Function yakale yofuna physical address anaipatsa dzina loonekeratu, memblock_phys_free. Kenako dzina la memblock_free analipereka kwa function ya pointer ija. Dongosolo la masitepe awiriwa ndi lofunika: poyamba dzina linachotsedwa pa tanthauzo lakale m'malo onse, ndipo pambuyo pake m'pamene linaikidwa pa tanthauzo latsopano. Malo oitana anali mbwee, m'zigawo za ma processor osiyanasiyana ndi m'ma driver, ndiye anagwiritsa ntchito Coccinelle, chida chimene Julia Lawall ndi anzake anapanga, chimene umachiuza kuti paliponse pamene code ikuoneka chonchi, ichisandutse chonchi. Koma chidacho sichinamalize zonse. Malo ena ankasunga virtual address mu nambala wamba, ndipo amenewo anafunika munthu kuwayang'ana ndi maso n'kuwakonza pamanja.

Ine ndinakumana ndi kusinthaku pa pulojekiti ya gulu lathu la anthu anayi. Tinalandira kabolodi ka ARM kuchokera kwa gulu la chaka chatha, kolemba mmene batire ya sola ikudzazira ndi kutsikira. Kankayenda pa Linux 5.15, ndi zigamba zingapo zimene anzathuwo analemba okha. Chimodzi chinkabwereka malo mu memory pa nthawi yodzuka, kukopera zimene chinkafuna, n'kubweza malowo. Ntchito yathu ina inali kusamutsira zonsezi pa Linux 6.1, imene inatuluka mu Disembala 2022 ndipo ili m'gulu la zosamalidwa kwa zaka zingapo. Zigambazo zinalowa popanda kukana. Pomanga, pakati pa mizere yambirimbiri imene imathamanga pa sikirini, compiler inatulutsa chenjezo limodzi: pa mzere wa memblock_free(__pa(buf), size) tinkapereka nambala pamalo pamene pakufunika pointer. Linali chenjezo chabe. Kernel inamangika, tinaiika pa khadi, ndipo kabolodiko kanadzuka ngati kale.

Mnzanga wina, amene ndi wachangu pa code kuposa tonsefe, anati, "Aise, lipoti tikupereka Lachisanu. Ingoikapo (void *) kutsogoloko chenjezolo lichoke, tipitirize." Sankanena zopusa. Kabolodi kankagwira ntchito, nthawi inali itatha, ndipo mu C kuika cast n'chinthu cha tsiku ndi tsiku. Ine ndinapempha kuti tidikire kaye masana amenewo. Funso langa linali losavuta: mzerewu sunkadandaulitsa compiler pa 5.15, nanga lero wadandaulitsa chifukwa chiyani? Chinachake chasintha, ndipo si ife tachisintha. Ndinatsegula include/linux/memblock.h ya ma kernel onse awiri n'kuziika pambalipambali. Kenako ndinafunsa git log kuti indionetse zigamba zimene zinakhudza dzinalo. Mbiri yonse imene ndafotokoza pamwambapa ndinaipeza mmenemo, yolembedwa ndi eni ake, aliyense akufotokoza chifukwa chake.

Taonani chimene cast ija ikanachita. Ikanauza compiler kuti ikhale chete, koma nambala yopita mkati ikanakhala yomweyo, physical address. Function yatsopano, poganiza kuti yalandira pointer, ikanaichitanso __pa kachiwiri. Ndi nambala ya foni ija yosinthidwa kawiri. Memblock ikanafufuza adilesi yachilendoyo m'kope lake. Ikapanda kuipeza, sinena kanthu, ndipo memory imene tinabwereka imakhala yosabwezedwa mpaka makina atazimitsidwa. Ikaipeza mwangozi, imafufuta ngongole ya munthu wina, malo amene ali ndi mwini wake n'kuperekedwa kwa wopempha wina, ndipo makina amadzafa tsiku lina pa chifukwa chimene palibe angachilondole. Tinayatsa CONFIG_DEBUG_VIRTUAL, n'kulumikiza chingwe cha serial ku laputopu, ndipo kernel inadandaula poyera kuti __pa yapatsidwa adilesi yosayenera. Kukonza kwake kunali kuchotsa __pa basi, mzere n'kukhala memblock_free(buf, size). Mawu amene tinalemba pofotokoza kusinthaku anatalika kuposa kusintha kwenikweniko, ndipo ndikuona kuti zinayenera kutero.

Chimene chimandiopsa m'nkhaniyi n'chakuti njira zonse ziwiri zikanadzutsa kabolodiko. Ife ophunzira tinazolowera kuyeza ntchito ndi funso limodzi, lakuti kodi ikuyenda? Pa pulogalamu ya pa intaneti, cholakwika chimakuonetsa uthenga wofiira n'kukuuza mzere wake. Pa code yodzutsa makina zinthu zimakhala ziwiri. Mwina sikirini imangoti bii, popanda chilembo n'chimodzi chomwe, chifukwa makina afa asanakhale ndi pakamwa. Apo ayi zonse zimaoneka bwino, chilonda chili mkati. Kuyatsa n'kuona kuti chayaka si umboni wokwanira. Umboni ndi kudziwa chimene function ikulonjeza, chimene ikufuna kwa iwe, ndi kutsimikiza kuti nambala imene uli nayo m'manja ndi ya mtundu umenewo. Ngakhale cast yeniyeniyo si tchimo. Rapoport anaiika m'malo ena, pamene nambalayo inalidi virtual address. Kusiyana kwake ndi kwakuti iye ankadziwa chimene nambalayo yanyamula.

Tinali ndi mwayi kuti kusinthaku kunakhudza mtundu wa chinthu choperekedwa, chifukwa compiler inatha kuona. Masiku ano imaonanso mwamphamvu: kuyambira pa Clang 15 ndi GCC 14, kupereka nambala pamalo pa pointer si chenjezonso, kumaimitsa kumanga. Koma pali migwirizano ina imene compiler singaione. Mu code yowerenga malangizo a pa mzere uja muli njira ziwiri zofanana maonekedwe. Function yolembetsedwa ndi early_param imabweza 0 zikayenda bwino. Yolembetsedwa ndi __setup imabweza 1 kusonyeza kuti yalandira lamulolo, ndipo ikabweza 0 kernel imaganiza kuti palibe walizindikira, n'kulipititsa kwa pulogalamu yoyamba ya init. Zonse ndi int, ndiye compiler siiona vuto. Mu 2022 Randy Dunlap anatumiza zigamba zambiri zokonza ma function a __setup amene ankabweza nambala yolakwika. Chigamba chilichonse chinali cha mzere umodzi kapena iwiri, ndipo chilichonse chinafuna munthu wowerenga mofatsa.

Pali funso limene mnzanga uja anafunsa pambuyo pake, ndipo ndi lachilungamo. Bwanji anthu a Linux osangosiya ma function mmene alili? Akanasiya memblock_free yakale, chigamba chathu chikanapitiriza kugwira ntchito, ndipo masana athu sakanapita. Yankho lawo linalembedwa kalekale ndi Greg Kroah-Hartman mu fayilo ya Documentation/process/stable-api-nonsense.rst. Mwachidule, kernel imalonjeza kuti sidzathyola mapulogalamu a anthu amene amayenda pamwamba pake, koma mkati mwake simuli lonjezo lotero. Function ikaoneka kuti ndi yokhota, imawongoledwa. Mtengo wake ndi wakuti amene wasintha ndiye amakonza malo onse oiitana amene ali mu code ya kernel. Walira mvula walira matope. Ukafuna mgwirizano wabwino, usenze ntchito yoyendera makomo onse, usasiyire ena.

Ine ndimagwirizana ndi lamuloli, ndipo nkhani ya memblock ikusonyeza chifukwa chake. Mgwirizano wakalewo unali msampha. Ukanasiyidwa, munthu wina akanagwamo chaka chotsatira, winanso chaka chinacho, aliyense akudziimba mlandu pa dzenje limene sanakumbe ndi iye. Komabe sindinganame kuti lamuloli silipweteka aliyense. Limateteza code imene ili mkati mwa kernel yeniyeniyo. Chigamba chathu chinali kunja, pa kompyuta ya mu labu, kumene Coccinelle ya Rapoport sikanafika. Makampani opanga mafoni ndi timabolodi ali ndi zigamba zoterezi zambirimbiri, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zipangizo zambiri zimakalambira pa kernel imene zinabadwa nayo. Ena anapeza njira yapakati. Red Hat imasunga mndandanda wa ma function amene sasintha mkati mwa mtundu umodzi wa RHEL, ndipo Google inachita zofanana pa kernel ya Android. Koma malonjezo amenewo ali ndi malire, ndipo tsiku losamuka limafikabe.

Pamene ndimakayika pang'ono ndi pa kugwiritsanso ntchito dzina lomwelo. Dzina likasowa, compiler imakana kumanga, ndipo palibe angapitirire osadziwa. Dzina likatsala koma tanthauzo n'kusintha, munthu wa compiler yakale amangolandira chenjezo, lomwe n'losavuta kuliphonya. Vutoli limayendanso chobwerera: wotenga chigamba cha mu 5.16 kuti achiike mu 5.15 ayenera kukumbukira kuti memblock_free ya kumeneko ndi ina. Ndikumvetsa chifukwa chimene anachitira zimenezi. Aliyense wodziwa C amayembekeza kuti chimene alloc yakupatsa ndicho umapereka kwa free, ndipo dzina labwinolo linayenera kupita kwa function yochita zimene anthu amayembekeza. Kwa anthu a zaka khumi zikubwerazi, chisankhocho n'chabwino. Kwa ife amene tinali pakati pa mtsinje pamene ankasuntha mwala wopondapo, chinatidyera nthawi. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndikanakhala pa mpando wawo ndikuganiza kuti ndikanasankha chimodzimodzi.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mmene ntchito yotereyi timaionera pa sukulu. Pepala lotiuza mmene pulojekiti idzachongedwere linali ndi malo a zinthu zatsopano zimene tawonjezera, malo a maonekedwe, malo a kulankhula pamaso pa anthu. Linalibe pamene tingalembe kuti tinasamutsa code ya anzathu kuchoka pa kernel ina kupita pa ina popanda kusiya chilonda. Zotsatira zake n'zoonekeratu. Gulu lililonse limafuna kuyamba zake, code ya chaka chatha imatayidwa, ndipo timamaliza maphunziro tisanawerengepo mozama code imene sitinalembe tokha. Chonsecho ntchito zambiri zimene tikuzifuna kunjaku ndi zosamalira zinthu zimene ena anamanga: makina a ku banki, a ku chipatala, a kampani ya mafoni. Kumeneko palibe amene adzakupatse tsamba loyera. Adzakupatsa code ya munthu amene anachoka kalekale, ndi library imene yasintha mmene imaitanidwira.

Anthu a kernel ntchitoyi amailemekeza moti anaipangira malo akeake. Mu 2008 Stephen Rothwell anayambitsa linux-next, kumene nthambi za anthu osamalira zigawo zosiyanasiyana zimaphatikizidwa n'kumangidwa zisanafike kwa Torvalds. Chimodzi mwa zimene zimagwidwa kumeneko ndi ichi: wina wasintha function mu nthambi yake n'kukonza onse oiitana amene akuwaona, pamene wina mu nthambi ina wangolemba kumene code yoiitana mwa njira yakale. Aliyense payekha walondola, ndipo git imaphatikiza popanda kudandaula chifukwa sanakhudze mizere yofanana. Cholakwikacho chimabadwa pa mphambano. Pamafunika munthu woimirira pamenepo, womanga zonse pamodzi, n'kulembera onse awiri kuti ntchito zawo zawombana. Ngati pulojekiti yaikulu chonchi imaika anthu ake odalirika pa ntchito imeneyi, sindikuona chifukwa chimene ife tingaiyesere yotsika.

Ndikanakonda aphunzitsi athu atayesa chinthu chimodzi. M'malo moti gulu lililonse liyambe pulojekiti yatsopano, chaka chimodzi atipatse ya anzathu amene anatsogola, n'kutiuza kuti tiisamutsire pa kernel kapena library yatsopano. Malikisi apite pa zinthu zitatu: kodi mwapeza malo onse okhudzidwa, kuphatikizapo amene samangidwa tsiku ndi tsiku? Kodi pa malo alionse mwafotokoza chifukwa chimene mwasinthira chonchi osati chonchija? Kodi mwayesa bwanji, kupatula kuyatsa n'kuona kuti chayaka? Zida zake n'zaulere. Pali git grep yofufuzira dzina paliponse, git log yowerengera mbiri, ndi QEMU yodzutsira kernel mkati mwa laputopu popanda kuopa kuwononga bolodi. Data ya intaneti imafunika yambiri pokopera code koyamba, koma mmodzi akakopera, ena onse atha kutengera pa flash.

Kwa mnzanga amene ukufuna kuti dzina lako lidzaoneke m'mbiri ya pulojekiti yaikulu, khomo lake nthawi zambiri limakhala lomweli. Sudzayamba ndi kulemba dongosolo latsopano logawa memory. Udzayamba ndi kupeza malo amodzi amene anatsalira pamene function inasintha, kumvetsa chifukwa chake, kukonza, kuyesa, n'kulemba ndime imodzi yomveka bwino. Ndipo tsiku limene iweyo udzakhale wosintha function, kaya mu kernel kaya mu kapulogalamu ka gulu lanu la anthu anayi, usadzatseke laputopu utangoona kuti mbali yako yamangika. Udzafufuze kaye kuti ndani winanso amaiitana, udzalowe ngakhale m'mafoda amene sumatsegula, ndipo udzawakonzere onsewo m'chigamba chomwecho.